Bowa womera pa ndowe: tingamudziwe bwanji kuti ndi uti?

Mvula ikagwa masiku angapo motsatizana kenako dzuwa n'kuwala, pamsipu pamene pamadya ng'ombe kapena akavalo pamatuluka tibowa tamiyendo italiitali, titaima njo pamwamba pa ndowe. Wina akafunsa kuti ameneyu ndi bowa wanji, mayankho amabwera atatu, onse olankhulidwa molimba mtima. Woyamba amati ndi poizoni, chomera pa ndowe n'chakupha basi. Wachiwiri amati ndi bowa uja woledzeretsa, woonetsa anthu zinthu zomwe palibe. Wachitatu amati bowa ndi bowa, bola kumuphika mpaka apse.

Atatu onsewa aphonya pamalo amodzi: atenga malo amene bowa wamera n'kuwayesa dzina lake. Zili ngati mwafunsa munthu dzina iye n'kukuuzani mudzi wa kwawo. Mwathandizika pang'ono, koma munthuyo simunamudziwebe. Pa ndowe pamamera mitundu yambirimbiri. Pano titenga umodzi wofala kwambiri, umene akatswiri amautcha Panaeolus papilionaceus, tione mmene amauzindikirira ndi mmene amausiyanitsira ndi anansi ake.

Chimene timachiona panja ndi chipatso chabe

Bowa alibe masamba obiriwira opangira chakudya ndi dzuwa, choncho amadya zimene zamoyo zina zinapanga kale. Iye, chuku ndi yisiti ali m'gulu limodzi lotchedwa mafangayi. Thupi lake lenileni ndi tiulusi toyera, topyapyala kuposa tsitsi, timene timayanga mkati mwa chinthu chimene akudya. Akatswiri amatitcha mycelium. Mukaswa chigamba cha ndowe cha masabata angapo n'kupeza mkati mwayera ngati munayanga kangaude, bowayo ndi ameneyo. Tiulusito timatulutsa timadzi tosungunula zotsalira za udzu n'kumayamwa chakudya.

Chipewa ndi tsinde zimene timaona panja ndi chipatso, ndipo ntchito yake ndi kumwaza mbewu. Mbewuzo n'zazing'ono moti imodzi simungaione ndi maso. M'mabuku a sayansi amati spores, koma muno tizingoti tinjere. Timapangidwa kunsi kwa chipewa, pa timasamba topyapyala timene timachokera pa tsinde kupita kumphepete, tothithikana ngati masamba a buku lotsegulidwa pang'ono.

Ulendo wodzera m'mimba mwa nyama

Nyama zodya udzu sizigaya zonse zimene zameza. Ng'ombe, ngakhale ili ndi mimba ya zigawo zinayi ndipo imabzikula, imatayabe ulusi wambiri wa udzu. Kavalo ndiye amataya wochuluka, n'chifukwa chake ndowe zake zimaoneka ngati udzu wosinja. Mukaphatikizapo chinyezi ndi nayitulojeni, ndowe zimakhala phwando kwa bowa. Zonyansa za nyama zodya zinzake zilibe ulusi umenewu, mabakiteriya amazimaliza msanga, ndipo bowa wachipewa samerapo kawirikawiri.

Vuto n'lakuti chigamba chimodzi cha ndowe chili ngati chilumba, ndipo chakudya chake chimatha. Ana a bowayo ayenera kukafika pa ndowe zatsopano, ndipo njira yosaphonya ndi kulowa m'mimba mwa nyama. Tinjere timagwera pa udzu, ng'ombe imadya udzuwo, tinjereto timadutsa m'matumbo tili tamoyo n'kutuluka titafunda kale m'chakudya chawo. Khungu lawo lokhuthala ndi lodera limatiteteza ku dzuwa pamene tikudikira pa udzu, ndiponso kuti tisagayike m'mimba. Kwa mitundu yambiri, kutentha kwa m'mimba ndi timadzi togaya chakudya n'zimene zimatidzutsa kuti timere.

Pali chopinga china. Ng'ombe siidya udzu woyandikana ndi ndowe zake, ndipo n'chifukwa chake pamsipu wometeka bwino pamatsala zitsotso za udzu wautali wobiriwira kuzungulira chigamba chilichonse. Tinjere tikagwera pompo, palibe adzatidye. Bowa wachipewa amathana ndi vutoli ndi tsinde lalitali, limene limakweza chipewa kuti mphepo itenge tinjere. Kachuku kena kotchedwa Pilobolus ndiye kali ndi njira yoseketsa. Sikafika ngakhale sentimita imodzi kutalika, koma kamatupa ndi madzi, n'kuloza kumene kukuchokera kuwala, kenako kamaphulika n'kuponya kathumba kake ka tinjere mtunda wa mamita awiri. Kathumbako n'komata, kamakakamira pa udzu.

Pa ndowe zatsopano alendowa saonekera tsiku limodzi. Timachuku ngati Pilobolus timatuluka m'masiku oyambirira, kenako timafangayi tooneka ngati timbale ndi timabotolo ting'onoting'ono, ndipo bowa wachipewa amabwera pambuyo, patapita masabata. Ambiri mwa iwo analimo kale kuyambira pachiyambi, kungoti aliyense ali ndi nthawi yake yokhwimira. Choncho Panaeolus musamuyembekezere pa ndowe za dzulo. Mumupeza pa zimene zauma pamwamba koma mkati zikadali zonyowa, kapena pa udzu pamene ndowe zinasungunukira kale m'dothi.

Mwini nkhani: Panaeolus papilionaceus

Woyamba kumulemba mwa sayansi anali Mfalansa Pierre Bulliard mu 1781, ndipo mu 1872 Mfalansa mnzake Lucien Quélet anamuika m'banja la Panaeolus. Dzina la banjali likuchokera ku Chigiriki ndipo likunena za mawanga, pamene papilionaceus likuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza gulugufe. Amapezeka pafupifupi kulikonse kumene kuli ziweto zodya msipu, makamaka ng'ombe ndi akavalo, ali yekha kapena m'timagulu.

Mugwadire mumuone bwino. Chipewa chake n'chaching'ono, kawirikawiri masentimita awiri mpaka anayi m'lifupi, chooneka ngati belu. Sichitambasuka kukhala ambulera ngakhale chitakalamba. Mtundu wake ndi wa phulusa wosakanikirana ndi bulauni, ndipo dzuwa likachiwomba chimatuwa, nthawi zina n'kuchita ming'alu. Mukachikhudza n'chouma, sichiterera.

Chizindikiro chimene chimamutchukitsa chili kumphepete kwa chipewacho. Bowa akadali mwana, timasamba take timakhala titatsekeredwa ndi kansalu koyera kochokera kumphepete kwa chipewa kufika pa tsinde. Chipewa chikamakula kansaluko kamang'ambika. Kwa mitundu ina kamatsalira pa tsinde n'kukhala mphete. Kwa ameneyu kamatsalira pa chipewa, kali lendelende ngati mphonje zoyera, kapena timano tosongoka tondandalikana bwino. Angerezi anamupatsa dzina lotchula pitikoti chifukwa cha mphonje zimenezi, ndipo mukamuona m'mawa mame asanaume mumvetsa chifukwa chake. Tsoka lake n'lakuti mphonjezo sizichedwa kuchoka. Mvula yamphamvu imodzi kapena tsiku limodzi ladzuwa, zapita. Bowa wopanda mphonje sindiye kuti si iyeyo, mwina wangokalamba. N'chifukwa chake wodziwa amayang'ana gulu lonse, ana ndi akulu omwe, m'malo mothyola mmodzi n'kuweruza.

Tsinde ndi lalitali poyerekeza ndi chipewa, masentimita asanu ndi limodzi mpaka khumi ndi awiri, koma lowonda mamilimita awiri mpaka anayi okha. Mkati muli mphako ndipo limathyoka mosavuta. Limaoneka ngati lathiridwa ufa wosalala, umene umachoka mukalisisita ndi chala, n'kuoneka bulauni wa mkati. Mphete lilibe. Mukalifinya silisintha kukhala buluu, ndipo mfundo imeneyi tiibwereranso.

Mawanga a kunsi

Tsopano mutembenuzeni, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Timasamba take timayamba totuwa, kenako timada, koma sitida mofanana. Timachita mawanga, pena bii pena motuwa, ngati nthenga za nkhanga, ndipo nsonga ya kasamba kalikonse imakhala ndi kamzere koyera.

Mawangawa ali ndi chifukwa chake. Pa kasamba kalikonse pali timaselo tambirimbiri tobereka, ndipo kalikonse kamanyamula tinjere tinayi. Kwa bowa wambiri, tinjere tokhwima ndi tosakhwima timasakanikirana paliponse, ndiye kasambako kamaoneka ka mtundu umodzi. M'banja la Panaeolus timakhwima m'magulumagulu, ngati munda umene unabzalidwa zigawozigawo pa masiku osiyana. Chigawo chimene chakhwima chimada chifukwa tinjere take ndi takuda. Chikamaliza kumwaza chimatuwanso, pamene chigawo choyandikana nacho chikuyamba kuda. Kamzere koyera ka kunsonga kaja ndi timaselo tosabereka, n'chifukwa chake sikada.

Mawanga amakuuzani banja, osati dzina lenileni. Abale ake onse ali nawo. Koma mukaona mawanga, mphonje zoyera, tsinde lopanda mphete ndi ndowe pansi, zonse pa bowa mmodzi, mwayandikira kwambiri.

Chidindo cha tinjere

Kanjere kamodzi sikaoneka, koma tikaunjikana mamiliyoni timaonetsa mtundu wake, ndipo mtunduwo susintha ndi nyengo ngati mmene chipewa chimasinthira. Kuti muuone, dulani tsinde pafupi ndi chipewa, muike chipewacho bwinobwino, timasamba tili pansi, pa pepala loyera kapena pa galasi. Chivundikireni ndi kapu kuti mphepo isalowe ndipo chisaume. Ngati chayamba kale kuuma, dontho limodzi la madzi pamwamba pake limathandiza. Chisiyeni maola angapo, kapena usiku wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri amavundukula patangopita mphindi makumi awiri, n'kupeza pepala lili mbee, n'kumati njirayi ndi yabodza.

Mukachotsa chipewa mupeza chithunzi cha timasamba tonse chitadindika pa pepala ngati masipoko a njinga. Cha Panaeolus papilionaceus chimakhala chakuda bii ngati mwaye. Chioneni pa kuwala kwa dzuwa, osati pa getsi, chifukwa kusiyana kwa chakuda chenicheni ndi bulauni wodera wopita ku pepo n'kochepa, koma ndi kumene kumalekanitsa mabanja awiri. Chidindo cha mtundu wa dzimbiri ndiye chenjezo lalikulu.

Anansi ofanana naye

Amene amasokoneza kwambiri ndi abale ake enieni. Panaeolus semiovatus amakonda ndowe za akavalo, ndi wamkulu, chipewa chake chili ngati theka la dzira, choyererako ndipo chimamata chikanyowa. Kansalu kake kamatsalira pa tsinde, ndiye ali ndi mphete, imene imada ndi tinjere togwa kuchokera pamwamba. Panaeolus antillarum, wofala m'madera otentha, ndi woyera komanso wojintcha, mphete alibe, ndipo tsinde lake lilibe mphako.

Palinso wina wa pa kapinga wotchetcha, Panaeolina foenisecii, amene ali ndi mawanga ofanana. Iyeyu safuna ndowe, amadya udzu wowola, ndipo chidindo chake ndi cha bulauni wodera.

Kunja kwa banjali, amene mungakumane naye kwambiri ndi Protostropharia semiglobata. Chipewa chake n'chachikasu, chozungulira ngati theka la mpira, ndipo mvula ikagwa iye yense amachita lende, chipewa ndi tsinde lomwe, moti amapulumuka m'zala. Chidindo chake ndi bulauni wopita ku pepo. Coprinopsis nivea ndiye savuta: ndi woyera mbee ngati wagubuduzika mu ufa, ndipo akakhwima chipewa chimapindikira m'mwamba n'kuyamba kusungunuka kukhala timadzi takuda ngati inki.

Tibowa ta m'mabanja a Conocybe ndi Pholiotina ndi timene tiyenera kutiopa. Ndi tating'ono, tabulauni, tamiyendo yowonda, ndipo tina timamera pa ndowe kapena m'dothi la manyowa. Munthu wothamanga angatisokoneze ndi Panaeolus. Chidindo chawo ndi cha dzimbiri, ndipo timasamba tawo tilibe mawanga akuda aja.

Nanga za kuledzeretsa ndi poizoni?

Mbiri yoti bowa wa pa ndowe amaledzeretsa ili ndi pochokera. Mitundu ina ilidi ndi mankhwala otchedwa psilocybin, amene amasokoneza mmene ubongo umaonera ndi kumvera zinthu. Albert Hofmann wa ku Switzerland ndi amene anawapatula koyamba mu 1958, ndipo pangano la United Nations la mu 1971 linawaika pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa kwambiri. Mayiko ambiri amatsatira zimenezo, ngakhale ena ayamba kulola kafukufuku wa madokotala wofuna kuona ngati angathandize matenda a maganizo. Mitundu iwiri yodziwika ya pa ndowe ndi Psilocybe cubensis, umene Franklin Earle anaulemba koyamba mu 1906 ataupeza ku Cuba, ndi Panaeolus cyanescens. Yonse iwiri imakonda madera otentha ndipo imasanduka buluu pamene yafinyidwa. Buluu pachokha si umboni wokwanira, chifukwa pali bowa wina wa m'nkhalango amene amatero pa zifukwa zina.

Papilionaceus sasanduka buluu. Mabuku ena akale anamuika pakati pa oledzeretsa, ena anakana, ndipo gwero lina la mkanganowu ndi mayina. Kwa zaka zambiri bowa ameneyu ankatchedwa mayina angapo, monga sphinctrinus, campanulatus ndi retirugis, anthu akuganiza kuti ndi mitundu yosiyana. Mu 1996 katswiri wa ku Germany Ewald Gerhardt anawaphatikiza pansi pa dzina limodzi. Ngati akatswiri eniake ankasiyana pa dzina, n'zosadabwitsa kuti zimene ankapima zinkaperekanso mayankho osiyana. Mabuku ambiri a masiku ano amangomulemba kuti si wodya, ndipo kunena zoona palibenso chodyapo: kachipewa kake n'kopyapyala ngati pepala.

Choopsa chenicheni ndi kulakwitsa. Tina mwa tibowa tachidindo cha dzimbiri tija, monga Pholiotina rugosa, tili ndi poizoni wotchedwa amatoxin, yemweyo wa mu Amanita phalloides, bowa amene wapha anthu ambiri kuposa wina aliyense. Poizoniyu ndi wachinyengo. Munthu amakhala bwinobwino maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, mwina mpaka tsiku, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba kumayamba. Zikaleka amaona ngati wachira, pamene chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Kuphika, kuyanika kapena kuwiritsa n'kutaya madzi sikumuchotsa. Zoti bowa wodyedwa ndi tizilombo ndi wabwino, kapena zoti wapoizoni amadetsa supuni yasiliva, n'zabodza. Nkhono zimadya Amanita phalloides popanda vuto lililonse.

Amene amadya tibowa totere mwangozi kawirikawiri ndi ana okwawa ndi agalu. Zikachitika, musadikire zizindikiro. Pitani kuchipatala, kapena kwa dokotala wa ziweto ngati ndi galu, mutatenga bowa wotsala wathunthu, womuzula ndi phata lomwe. Mukulungeni m'pepala, osati m'jumbo, chifukwa m'pulasitiki amachita thukuta n'kusungunuka asanaonedwe. Kumugwira kokha sikuvulaza, koma poti wachokera pa ndowe, sambani m'manja.

Pamene maso amalekezera

Foni ikhoza kukupatsani dzina kuchokera pa chithunzi, koma chithunzi chojambulidwa kuchokera pamwamba chimangoonetsa chipewa, chomwe ndi mbali yosinthasintha kuposa zonse. Ngati mukufuna wodziwa akuthandizeni, jambulani kunsi, tsinde lonse, mphepete mwa chipewa, ndi chidindo, ndipo munene chimene bowayo wamerapo.

Ngakhale zonsezi zitakwana, akatswiri amatsimikiza ndi maikulosikopu. Tinjere ta papilionaceus timatalika pafupifupi maikulomita 12 mpaka 18. Maikulomita imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000. Ndi tosalala, tooneka ngati ndimu, ndipo kunsonga tili ndi kabowo kotulukira kaulusi koyamba. Ta wa pa kapinga uja ndi tokhakhala. Palinso njira yakale yothira asidi wamphamvu wa sulfure: tinjere ta Panaeolus timakhalabe takuda, pamene ta banja la Psathyrella, lofanana nalo, timafwifwa. Masiku ano amapimanso DNA, ndipo mayina ena akusinthabe chifukwa cha zimenezo.

Ntchito imene amagwira pamsipu

Ng'ombe imodzi imasiya zigamba khumi kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo chigamba chilichonse chimaphimba udzu. Mafangayi, limodzi ndi mabakiteriya, nyongolotsi ndi tizilombo tofukula ndowe, ndi amene amachiphwanya kuti chakudya chibwerere m'nthaka. Mbali ya bowa wachipewa ndi yovuta kwambiri, chifukwa ndi iye amene amatha kusungunula ulusi wolimba umene unakanika m'mimba mwa nyama.

Alimi a ziweto ali ndi chifukwa china chowadziwira. Njoka za m'mapapo a ng'ombe, zotchedwa Dictyocaulus viviparus, zimatuluka m'ndowe zili timphutsi, n'kukwera pa kathumba ka Pilobolus kaja. Kakaphulika, timphutsito timaulukira limodzi kukagwera pa udzu woyera kumene ng'ombe zikudya.

Tinjere ta mafangayi a pa ndowe timasunganso mbiri. Ta mtundu wa Sporormiella timakokoloka n'kukakhazikika m'matope a pansi pa nyanja, ndipo sitiwola msanga. Pamene panali nyama zambiri zodya udzu, matope a nthawi imeneyo amakhala ndi tinjere tambiri. Ofufuza atakumba matope a nyanja ya Appleman ku Indiana, m'dziko la United States, anapeza kuti tinjereti tinayamba kuchepa zaka pafupifupi 14,800 zapitazo, nthawi imene zinyama zikuluzikulu za kumeneko, monga njovu zakale zotchedwa mastodon, zinkatha. Njira yomweyi aigwiritsanso ntchito ku Madagascar ndi ku New Zealand pofufuza nthawi imene mbalame zikuluzikulu zosauluka za kumeneko zinatha.